Phunziro la Lero: Wolankhula Ndani, Womvera Ndani?

Khalani chete, ana inu. Zolembera pansi kaye, tcherani khutu.

M'chaka cha 1997 boma la Zambia linalola kuti mtsikana amene watenga pathupi abwerere kusukulu akachira. Chaka chomwecho achinyamata a mu Lusaka muno anayambitsa nyuzipepala yotchedwa Trendsetters kudzera m'bungwe lawo la Youth Media, ndipo mkonzi wake wamkulu anali mtsikana, Mary Phiri. Ankalemba za zibwenzi, Edzi ndi kutha msinkhu, nkhani zomwe kale zinkanenedwa m'chinamwali mokha, chitseko chili chotseka. Mphamvu ya nyuzipepalayi inali mwa olembawo, poti anali amsinkhu umodzi ndi owerenga. Funso limene mtsikana sangawafunse amayi ake poopa kuti ndi mwano, ankalilemba m'kalata osasainira dzina, yankho n'kutuluka poyera, anzake ambirimbiri n'kupindula nalo.

Mu 2012 kunabwera U-Report, ya UNICEF ndi National AIDS Council: munthu ankatumiza uthenga waulere pa nambala 878, mlangizi n'kumuyankha. Chinsinsi chomwe chija, koma tsopano pa foni.

Anzathu a ku Malawi anachita mosiyanako. Mu 2017 bungwe la Girl Effect linakhazikitsa Zathu, gulu loyimba lokhala ndi sewero la pa wailesi. M'gulumo munali atsikana atatu ndi anyamata atatu. Iwe wakumbuyo, ukuganiza kuti anyamatawo anawaikamo chifukwa chiyani? Eya. Amene amaseka mtsikana akakweza mkono m'kalasi ndi mnyamata. Amene amagona mpaka dzuwa litatuluka, mlongo wake ali pamzere wa madzi ndi zigubu, ndi mnyamata yemweyo. Pulogalamu yonena kwa atsikana okha imamusiya iye ali momwe analili. A Zathu anaikamonso Agogo oyankha mafunso, podziwa kuti kwathu kuno mawu a wamkulu salowa m'khutu mofanana ndi a mwana.

Tsopano tibwere kuno ku komboni kwathu, ndipo apa mumvetsetse. Kuyambira mu 2013, bungwe la Population Council linkasonkhanitsa atsikana mlungu uliwonse m'madera angapo a dziko lino, kuphatikizapo makomboni a Chipata ndi Chazanga, m'ntchito yotchedwa AGEP. Ankawaphunzitsa za umoyo ndi kasungidwe ka ndalama. Atafufuza pambuyo pake anapeza kuti atsikanawo anadziwadi zambiri za matupi awo ndiponso anayamba kusunga ndalama. Koma chiwerengero cha otenga mimba ndi okwatiwa msanga sichinasiyane kwenikweni ndi cha anzawo amene sanalowe nawo. Kafukufuku wa boma wa 2018 anasonyeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kapena ali oyembekezera.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mtsikana akachoka kumsonkhano amabwerera kunyumba ya chipinda chimodzi kumene lendi sinalipidwe, ndipo wolandira malowolo ndi atate kapena amalume, amene kumsonkhanoko kunalibe. Kudziwa kwa mwana sikugula ufa. N'chifukwa chake ine, ngakhale mumandiona ngati wachikale, ndimaikira kumbuyo wailesi kuposa TikTok. Foni umaonera wekha, nthawi zambiri yobwereka, yofunanso mabandulo. Wailesi imalira pa kantemba, mu minibasi yopita ku tauni, pakhonde pamene amayi akusankha nyemba, ndipo akuluakulu amamva zomwe sakanalola mwana kuwauza pamaso.

Lamulo lilipo kale. Kumapeto kwa 2023 Zambia inaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Ndi makolo angati m'misewu yathu ino amene analimva?

Nayi ntchito yanu. Khalani anayi anayi, anyamata ndi atsikana pamodzi. Mukafunse alangizi a chinamwali kapena a kutchalitchi kwanu zimene amawauza atsikana za sukulu, ndiponso ngati alipo amene amalangiza anyamata. Mupemphe chilolezo musanajambule mawu, ndipo mufunse mwaulemu, osatsutsa. Lachisanu tidzamvera pamodzi, gulu lililonse mphindi zitatu.