Musazule chitsa chophukira: nkhuni zili m'munda mwanu momwe

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala pa kalikiliki wodzala mitengo. Mbande zimagawidwa, koma pofika Okutobala zambiri zimakhala zitadyedwa ndi chiswe kapena mbuzi, zina zitauma ndi dzuwa. Chonsecho m'minda mwathu muli mitengo yosafuna kuthirira, imene timaipha tokha ndi khasu pososa. Ndikunena zitsa za chitimbe, mpakasa, mthethe, msangu ndi mombo, zimene zidadulidwa kalekale koma zimaphukirabe.

Mizu ya chitsa idafika kale pa chinyezi chapansi, n'chifukwa chake mphukira zake zimakula msanga kuposa mbande ya ku nazale. Alimi a ku Maradi, m'dziko la Niger, adayamba kusamalira zitsa m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi Tony Rinaudo wa ku Australia. Njirayi idabwezeretsa mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni, m'dziko louma kuposa lathu.

Yenderani munda wanu musanayambe kusosa. Sankhani zitsa zamoyo za mitengo imene mukuifuna, kaya ya nkhuni, ya milimo, ya mankhwala kapena yodyetsa ziweto. Zikhale zotalikirana, chifukwa chimanga chimafunanso dzuwa. Mukapeza msangu, umenewo musautaye zivute zitani. Mtengowu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho suphimba mbewu, ndipo masambawo amasanduka chajila. Amene adaonapo chimanga cha pansi pa misangu ku Salima kapena ku Bwanje akudziwa zimene ndikunena.

Pa chitsa chilichonse pamatuluka mphukira zambirimbiri zolimbirana chakudya. Mukazileka zonse, pamakhala tchire chabe. Sankhani zitatu mpaka zisanu zowongoka ndi zamphamvu, zotsalazo dulani. Pa zimene mwasiyazo, chotsani nthambi za m'munsi kufikira theka la msinkhu wake, zam'mwamba muzileke. Mukadulira mpaka kunsonga, mphukira imakhala yonyozoloka ndipo mphepo imaithyola. Chikwanje chikhale chakuthwa, ndipo podula muziyambira pansi pa nthambi kukwera m'mwamba, kuti khungwa lisang'ambike. Bala long'ambika ndi khomo la chiswe ndi matenda. Pewaninso kudulira tsiku la mvula. Mukatero mangirirani mphukirazo pamodzi ndi luzi kuti zikule molunjika, ndipo mubwerereko pakapita miyezi ingapo, popeza chitsa sichileka kutulutsa zatsopano.

Ntchito yodulirayi ndi yopepuka. Chovuta ndi anthu, mbuzi ndi moto. Waganyu amene simudamuuze adzadula zonse, akuyesa akukukonzerani munda. Muuzeni, ndipo mangani kansanza pa mphukira iliyonse kuti aliyense aone kuti ili ndi mwini. Ziweto zikamasulidwa anthu atakolola, zingani timitengo tating'ono ndi nthambi za minga. Lambulani mozungulira chitsa, ndipo mapesi musawaotchere pafupi. Za ana osaka mbewa ndi anthu oba nkhuni, khomo limodzi silingathe. Pitani kwa amfumu ndi ku komiti yoona zachilengedwe ya m'mudzi kuti pakhale lamulo la onse, lokhala ndi chindapusa chodziwika. Ngati munda ndi wobwereka, gwirizanani ndi mwini wake poyambirira za amene adzadule mitengoyo, kuopa milandu mitengo itakula.

Nthambi zodulirazo ndi nkhuni zanu zoyamba, ngakhale zimakhala zochepa. Mphukira zikakhwima, dulani imodzi pa chitsa chilichonse pa chaka, n'kusiya yatsopano kuti ilowe m'malo. Imodzi yowongoka kwambiri muileke ikule, idzakhale mtanda wa denga kapena mzati wa khola.

Podikira zimenezi, dzalani nandolo m'chimanga. Mukathyola ndiwo, mitengo yake youma imayaka bwino, monga amachitira anthu a ku Thyolo ndi Mulanje kumene malo ndi ochepa. Nkhuni muziziumitsa pa khonde musanasonkhe, chifukwa zaziwisi zimangofuka utsi n'kutha msanga. Chitetezo mbaula, youmba ndi dongo ija, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo timitengo ta nandolo timakwanira kuphikira nsima.

Ena adzafuna kuotcha makala mitengo ikakula. Lamulo la zankhalango la 1997, limene lidakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chiphaso kwa aliyense wopanga makala, choncho yambani mwaonana ndi alangizi a zankhalango a m'dera lanu. Kwa ine, uvuni umodzi umamaliza mitengo imene ikadaphikira banja kwa miyezi yambiri, ndipo ndalama yake ikatha, mayi amayambiranso kulawirira kuphiri ndi nkhwangwa.