Iyeseni musanaipereke m'manja mwa anthu

Tinene kuti mwapanga pulogalamu ya pa foni yosunga kaundula wa banki m'khonde: masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Pa kompyuta yanu ikuyenda bwinobwino. Musakondwere msanga, chifukwa inu mumaidina mwaulemu, pamene mlembi wa gulu adzaidina mothamanga anthu atamuunjirira.

Choyamba, lembani zimene pulogalamuyo iyenera kuchita, ndipo mulembe ndi manambala. Kunena kuti "iziwerengera bwino ngongole" n'kosakwanira. Lembani kuti wokongola K50,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti abweze K60,000. Yankho likakhala limodzi chonchi, kulakwa kumaonekera poyera.

Chachiwiri, yesani kachidutswa kalikonse pakokha, zimene a ntchitoyi amati unit test. Olemba mu Python amagwiritsa ntchito pytest, a Java ali ndi JUnit. Musamangoikamo manambala okoma. Ikanimo 0, ikanimo nambala yaikulu mopitirira muyeso, malo ena muwasiye opanda kanthu. Pa 4 June 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika isanathe mphindi imodzi m'mwamba itanyamuka ku Kourou, m'dziko la French Guiana, chifukwa nambala ya 64-bit sinakwane m'malo a 16-bit. Code yakeyo anaitenga ku Ariane 4, kumene inkagwira ntchito bwino, osaiyesa ndi kaulukidwe ka roketi yatsopanoyo. Nanunso code yobwereka, ngakhale ndi ya katswiri, iyeseni ngati yachilendo.

Gawo lachitatu ndi limene ambiri amalichita mothamanga, komatu ndi pamene pali nkhani. Yesani ndi zinthu zenizeni za kwathu kuno. Lembetsani dzina ngati Ng'oma kapena Ng'ambi. Nkhodolero ya m'mayina amenewa imasokoneza mapulogalamu amene amalumikiza mawu a SQL mwachisawawa, ndipo khomo lomwelo ndi limene akuba amalowera. Nambala ya foni ilembeni moyambira 088, kenaka 099, kenaka +265, ina muikemo mipata. Ngati anthu azilipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, dinani batani lolipirira kawiri motsatizana muone ngati ndalama zichoka kawiri. Zimitsani intaneti malipiro ali pakati, muyatsenso. Kodi kaundula akuonetsa chiyani? Pofuna kuona mauthenga amene pulogalamu ikutumiza ndi kulandira ku seva, Postman amathandiza. Ndipo zonsezi muchitire pa foni yakale ya Android, yodzaza zithunzi ndi nyimbo, osati pa yanu yodulayo.

Chachinayi, mayeso obwerezabwereza asiyireni makina. Selenium amadina yekha masamba a pa intaneti, Appium amachita zomwezo pa foni, ndipo GitHub Actions akhoza kuyendetsa mayeso onse nthawi iliyonse mwasintha code. Vuto lililonse limene mwakonza, lilembereni mayeso ake, poti mavuto okonzedwa amakonda kubwerera mukamakonza zina. Ngati mukuyembekeza anthu ambiri nthawi imodzi, JMeter adzakuuzani pamene seva ikugonjera.

Chachisanu, perekani foni kwa munthu amene sanaionepo pulogalamuyo, inu mukhale chete. Akasochera, musamulangize, lembani pamene wasocherapo. Lipoti la vuto linene zimene anadina mwandondomeko, zimene ankayembekeza, zimene zinachitika, ndi mtundu wa foni. Lipoti longoti "sikugwira" silithandiza wokonza.

Pomaliza, musaitulutsire onse tsiku limodzi. Pa 19 July 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza zosintha zolakwika kwa makasitomala ake nthawi imodzi, ndipo Microsoft inati makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anaima. Maulendo a ndege, mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Google Play imalola kupereka zosintha kwa anthu ochepa poyamba, mwachitsanzo 10 peresenti. Yambani ndi gulu limodzi, mudikire lisonkhe masheya ndi kubweza ngongole mwezi wathunthu, mufananize ndi zimene mlembi walemba m'kope, kenaka muwonjezere magulu ena.