Mwana Wochira Malungo a mu Ubongo

Ife amene tidzaphunzitsa ku Zalewa, m'mbali mwa Shire, tidzakumana ndi ana amene anadwalapo malungo a mu ubongo. M'chaka cha 2015, Dr Terrie Taylor ndi anzake, atajambula mitu ya ana ndi makina a MRI pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anaonetsa kuti chimapha ambiri odwala nthendayi ndi kutupa kwa ubongo. Ena mwa ochira amatsala ndi khunyu, kuiwalaiwala kapena kusakhazikika. Tsono mwana wochangamuka akabwerako kuchipatala atasintha, tisafulumire kumutcha waulesi. Timukhazike patsogolo, timupatse ntchito pang'onopang'ono, ndipo akayamba kukomoka tiwauze makolo kuti abwerere naye kuchipatala.