Nkhondo ya Misonkho: Sitima ya Soya Imene Inachedwa ndi Maola Ochepa

Pa 6 Julayi 2018, sitima ya panyanja yotchedwa Peak Pegasus inali pa liwiro kulowera ku doko la Dalian m'dziko la China. Inanyamula soya wa ku America wokwana matani pafupifupi 70,000. Tsiku limenelo ndi limene boma la China linayamba kudula msonkho wina wa 25 peresenti pa soya aliyense wochokera ku America, ndipo eni katunduyo ankafuna kuti sitimayo ifike msonkhowo usanayambe. Inachedwa ndi maola ochepa chabe. Kwa mwezi wathunthu ndi masiku, inangokhala ikuzungulirazungulira panyanja pafupi ndi dokolo, katundu ali m'mimba, akuluakulu akusinkhasinkha kuti ndalama yowonjezerayo ituluka m'thumba mwa ndani.

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, nkhani ya sitimayi ikuthandizani kumvetsa mutu wa malonda a pakati pa mayiko. Makolo ndi akuluakulu athu amene mumakaoda katundu kunja, mudzaona kuti zambiri mwa izi mumazidziwa kale, kungoti pano ndalama zake ndi zochuluka koopsa.

Amalipira ndani?

Msonkho wa pachipata ndi ndalama imene boma limadula pa katundu wolowa m'dziko. Kuno kwathu amatolera ndi a MRA pa zipata monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Boma limaudula pa zifukwa ziwiri zazikulu: kupeza ndalama zoyendetsera dziko, ndiponso kukweza mtengo wa katundu wakunja kuti wopangidwa m'dziko momwemo agulidwe.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amaphonya pa mayeso, choncho tiyeni tichedwepo. Tikamva kuti America yaika msonkho pa katundu wa China, timaganiza kuti boma la China ndi limene likutumiza ndalamazo ku Washington. Si choncho. Wolipira ndi kampani ya ku America imene yaitanitsa katunduyo. Tiyerekeze kuti wamalonda wa ku Chicago waoda makina a madola 100 ku China, ndipo msonkho ndi 25 peresenti. Makinawo akafika padoko, wamalondayo amapereka madola 25 ku boma la kwawo, ndipo makinawo amudyera madola 125. Tsopano ali ndi njira zingapo. Atha kukweza mtengo m'sitolo mwake kuti ogula alipire. Atha kuvomera kuti phindu lake lichepe. Atha kukakamiza wogulitsa wa ku China kuti atsitse mtengo, kapena kukaoda ku dziko lina. Funso lenileni la phunziroli ndi lakuti mwa njira zimenezi, imene imachitika kwambiri ndi iti.

Akatswiri a zachuma atatu, Mary Amiti, Stephen Redding ndi David Weinstein, anafufuza misonkho ya chaka cha 2018 ndipo anapeza kuti pafupifupi mtolo wonse unagwera makampani ndi ogula a ku America komweko. Chitsanzo chooneka bwino ndi cha makina ochapira zovala. Mu Januwale 2018, pulezidenti Donald Trump anaika msonkho pa makina ochokera kunja. Kafukufuku wina anapeza kuti mtengo wake unakwera ndi pafupifupi 12 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti makina oumitsira zovala, amene analibe msonkho uliwonse watsopano, nawonso anakwera mtengo, chifukwa anthu kumeneko amagula ziwirizi pamodzi. Ntchito zatsopano zinapezekadi m'mafakitale, pafupifupi 1,800, koma ogula analipira ndalama yoonjezera yokwana pafupifupi madola 1.5 biliyoni pa chaka. Gawani nokha muone mtengo wa ntchito imodzi.

Mmene mkangano unakulira

America inali ndi madandaulo awiri aakulu. Loyamba linali lakuti imagula zambiri ku China kuposa zimene imagulitsako: mu 2017 kusiyana kwake kunali pafupifupi madola 375 biliyoni. Lachiwiri, limene ngakhale mayiko a ku Europe ankalinena, linali lakuti China imakakamiza makampani akunja kuulula luso lawo kuti aloledwe kuchita malonda kumeneko, komanso imathandiza mafakitale ake ndi ndalama za boma mpaka katundu wawo amatchipa mopanda chilungamo. Madandaulo amenewa sanali opeka. Mkangano uli pa mankhwala amene anasankhidwa.

Mu Malichi 2018, America inaika msonkho wa 25 peresenti pa chitsulo ndi 10 peresenti pa aluminiyamu, ponena kuti ikuteteza chitetezo cha dziko. Pofika pa 1 Juni, msonkhowu unagweranso Canada, Mexico ndi mayiko a European Union, amene ndi anzake a America a nthawi yaitali. Kenaka panabwera tsiku la sitima ija, 6 Julayi, pamene America inadula 25 peresenti pa katundu wa China wa madola 34 biliyoni, China n'kubwezera tsiku lomwelo pa katundu wa ndalama yomweyo. Mu Ogasiti mbali iliyonse inaonjezerapo madola 16 biliyoni. Mu Seputembala America inaika 10 peresenti pa katundu wina wa madola 200 biliyoni, ndipo mu Meyi 2019 inakweza msonkhowo kufika pa 25 peresenti. China sikanatha kubwezera mofanana chifukwa siigula zambiri chotero ku America, choncho inaika wake pa katundu wa madola 60 biliyoni.

Wobwezera sangoponya mwala mwachisawawa

Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Dziko loyamba kukweza msonkho limadziwa kuti anzake abwezera, ndipo kubwezerako kumakhala kwa mutu. Dziko lobwezera limafufuza katundu amene lingamupeze kwina mosavuta, komanso amene akasowa msika, kulira kwake kukafike msanga m'makutu mwa andale a dziko linalo.

Onani zimene European Union inasankha pa 22 Juni 2018: njinga zamoto za Harley-Davidson, mowa wa bourbon, mathalauza a jinzi, chiponde ndi madzi a malalanje. Zikuoneka ngati zosagwirizana, koma likulu la Harley-Davidson lili m'chigawo cha Wisconsin, kwawo kwa Paul Ryan amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo nthawi imeneyo. Bourbon wambiri amafululidwa ku Kentucky, kwawo kwa Mitch McConnell, amene nthawi imeneyo anali mtsogoleri wa chipani cholamula m'nyumba ya Senate. Msonkho wa njinga zija ku Europe unachoka pa 6 kufika pa 31 peresenti, ndipo kampaniyo inalengeza kuti njinga zogulitsa ku Europe izikapangira kunja kwa America. Msonkho umene cholinga chake chinali kusunga ntchito m'dziko unathamangitsa ntchito zina.

China inasankha soya, ndipo inadziwa chimene ikuchita. Dzikoli ndi limene limagula soya wambiri kuposa lina lililonse padziko lapansi. Limamufinya mafuta ophikira, ndipo zotsalira zake zimadyetsa ziweto. Soya wa ku America amalimidwa kwambiri m'zigawo monga Illinois, Iowa ndi Minnesota, ndipo alimi ambiri a kumidzi ya kumeneko anavotera Trump mu 2016. Mu 2017 America inagulitsa ku China soya wa madola oposa 12 biliyoni. Mu 2018 inagulitsa wa madola pafupifupi 3 biliyoni okha. Mitengo inagwa, nkhokwe zinadzaza, ena anasowa ndi poika pomwe. Aliyense amene anasungapo soya kapena nandolo m'nyumba kudikira wogula amene sakubwera akudziwa mmene tulo timasowera.

China sinagone ndi njala ya soya. Inatembenukira ku Brazil, ndipo alimi a kumeneko anakondwa. Boma la America linakakamizika kupepesa alimi ake ndi ndalama: linalonjeza madola 12 biliyoni mu 2018 ndi ena 16 biliyoni mu 2019. Ndiye kuti gawo lalikulu la ndalama zotoleredwa padoko linakathera pokhazika mtima pansi alimi amene anavulazidwa ndi mkangano womwewo. Chowawa kwambiri kwa mlimi wa ku Iowa n'chakuti kasitomala akazolowera sitolo ina sabwerera wamba, ngakhale mutagwirizana.

Pa 15 Januwale 2020 mbali ziwirizi zinasainirana mgwirizano ku Washington. China inalonjeza kugula katundu ndi ntchito zoonjezera za madola 200 biliyoni m'zaka za 2020 ndi 2021. Mliri wa Covid-19 unagwa, ndipo lonjezolo silinakwaniritsidwe. Misonkho yambiri inatsala pomwepo. Joe Biden atalowa m'boma mu 2021 sanaichotse, ndipo mu 2024 anakweza msonkho wa magalimoto oyendera magetsi ochokera ku China kufika pa 100 peresenti.

Nanga kusiyana kwa malonda kuja kunachepa? Ndi China kunatsika patapita nthawi, koma America inayamba kugula zambiri ku Vietnam ndi ku Mexico, ndipo kusiyana kwake ndi dziko lonse lapansi sikunathe. Mafakitale ena a ku Vietnam amangolumikiza zipangizo zochokera ku China komweko. Katundu ali ngati madzi a mvula: mukatseka ngalande imodzi amapeza ina.

Zinachitikapo kale

Mu Juni 1930, pulezidenti Herbert Hoover anasaina lamulo lotchedwa Smoot-Hawley, limene linakweza misonkho pa mitundu ya katundu yoposa 20,000. Akatswiri a zachuma oposa 1,000 anamulembera kalata yomupempha kuti asasaine, koma sanamve. Canada ndi mayiko ena anabwezera. Pakati pa 1929 ndi 1934 malonda a padziko lonse anatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Sikuti lamulo limeneli ndi limene linayambitsa umphawi wa zaka zimenezo, pakuti chuma chinali chitagwa kale mu 1929, koma linathira mchere pachilonda.

Palinso kankhani koseketsa pang'ono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, France ndi West Germany anakweza msonkho pa nkhuku zochokera ku America. Pobwezera, mu 1964 America inaika 25 peresenti pa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, pofuna kupweteka kampani ya Volkswagen. Za nkhukuzo zinaiwalika kalekale, koma msonkho wa magalimoto uja ulipobe mpaka lero. Kuika msonkho n'kosavuta. Kuuchotsa kumavuta, chifukwa amene akudyerera amaumirira.

Mavuto a m'zaka za m'ma 1930 ndi amene anachititsa mayiko 23 kusaina mgwirizano wa GATT ku Geneva mu 1947, umene unabala bungwe la WTO pa 1 Januwale 1995. Malawi ndi membala kuyambira chaka chomwecho, pamene China inalowa mu Disembala 2001. Lamulo la bungweli ndi lakuti wodandaula akasume, oweruza amve mbali zonse, ndipo kubwezera kuloledwe pokhapokha wolakwa akakana kusintha. Mu Seputembala 2020 oweruza a WTO ananena kuti misonkho ya America pa China inaphwanya malamulo. America inachita apilo. Vuto n'lakuti bwalo lomva ma apilo linasiya kugwira ntchito mu Disembala 2019, chifukwa America yomweyo inakhala ikukana kuti oweruza atsopano asankhidwe. Mlandu ukapita kumeneko umangogona. Dziko lalikulu litha kudzimenyera lokha popanda bwalo, koma dziko laling'ono ngati lathu chida chake chinali lamulo lomwelo.

Pa mlatho wa Songwe

Trump atabwerera m'boma mu 2025, mkangano unayakanso. Mu Epulo misonkho yatsopano ya America pa katundu wa China inafika pa 145 peresenti, ya China pa katundu wa America inafika pa 125. Pamlingo umenewo malonda amakhala ngati atsekedwa. Atakumana ku Geneva mu Meyi, anagwirizana kutsitsa kwa masiku 90, America kufika pa 30 ndi China pa 10.

Mwezi womwewo wa Epulo, ifenso tinalawa. Boma la Malawi linali litaletsa mu Malichi kulowetsa katundu wina wakunja, makamaka zokolola, pofuna kusunga ndalama zakunja ndi kuteteza alimi athu. Amalonda a ku Tanzania anakhudzidwa. Nduna ya zaulimi ya dzikolo pa nthawiyo, Hussein Bashe, inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa kulowa m'dziko lawo, n'kuopsezanso za feteleza wobwera kuno. Ichi chinali chiletso osati msonkho, koma kaganizidwe kake ndi kofanana ndi ka soya kuja: gwira pamene pakuwawa. Kwa dziko lopanda nyanja limene katundu wake wambiri amadzera pa doko la Dar es Salaam, powawa sipasowa. Amayi ogulitsa nthochi ndi zokolola zina pa Songwe ndi ku Karonga ndi amene anayamba kumva kutentha, ngakhale palibe anawafunsa maganizo. Patangopita masiku ochepa Tanzania inachotsa chiletsocho kuti mayiko akambirane.

Ophunzira, sabata yamawa mubwere ndi yankho la funso ili m'makope mwanu. Wamalonda waoda matumba 200 a mpunga kunja, thumba lililonse pa K40,000, ndipo boma laika msonkho wa 25 peresenti. Werengerani msonkho wonse ndi mtengo watsopano wa thumba limodzi. Kenaka mufunse kholo kapena m'bale amene amachita geni kuti akanakhala iye, ndalama yoonjezerayo akanaisenzetsa ndani, ndipo mulembe zimene wakuuzani m'mawu ake omwe.