Nthawi Yomweta Citsamba ca Mankhwala a Malungo

Ku China kumera citsamba cochedwa Artemisia annua, cimene masamba ace ali ndi mankhwala a malungo, dzina lace artemisinin. Tu Youyou ndi anzace anawapeza m'caka ca 1972.

Mankhwalawo akhala m'timatumba tating'ono ta pamasamba, nacuruka pamene citsamba cikula. Mlimi akacimweta cikali canthete, apeza mphamvu yocepa. Akacedwa kufikira mbeu zitakhwima, masamba ayoyoka, mphamvu nicepanso. Cifukwa cace mlimi wanzeru ayendera munda wace kawirikawiri, namweta pamene maluwa ali pafupi kuphuka.

Komabe mphamvuyo isiyana munda ndi munda. Tsono wodwala malungo asakhulupirire madzi owiritsamo masamba. Afulumire kunka kucipatala, kumene apatsa mankhwala a muyeso wodziwika.