Magetsi akathima m'nyengo yozizira, mbaula isagone m'nyumba

Kabukuka ndi ka inu amayi ndi abambo a ku Mitundu, ku Nathenje ndi midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje wa Diamphwe. Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, choncho vuto likagwa kumeneko mdima umafika mpaka kuno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, kampani yopanga magetsi ya EGENCO n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo Juni ndi Julaye wa chaka chimenecho anadutsa magetsi akuthimathima. Kuthima kwa magetsi tsono si mlendo woti tizidabwa naye. Zoti foni ikhale yotchajiratu, tochi ikhale ndi mabatire, chimanga chipite kuchigayo magetsi akadalipo, nonse mukuzidziwa ndipo sititayapo nthawi. Waya wa ESCOM akagwa ndi mphepo, musamukhudze ngakhale magetsi atathima, ndipo ana asamuyandikire. Nkhani imene yatilembetsa kabukuka ndi ya mbaula.

Chaka ndi chaka cholakwa ndi chomwechomwecho. Magetsi athima madzulo, mayi asonkha makala pa mbaula n'kuphikira nsima, mphepo ya mwera ikuwomba, ndipo banja likatha kudya wina amati moto wotsalawu usawonongeke, tiulowetse tiwothe. Chitseko chimatsekedwa, mawindo amatsekedwa, nsanza n'kutsekera mpata wa pansi pa chitseko, anthu n'kugona. Makala akamanyeka pamalo posowa mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa poizoni umene madokotala amautcha carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suyabwa m'maso, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, ndipo magazi aja amangozungulira m'thupi osanyamula mpweya wokwanira ubongo ndi mtima. Munthu wogona sadzidzimuka ayi, tulo take timangokula. Amene wadzuka amapeza miyendo yalefuka, chitseko akuchiona koma osachifikira. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo pa nkhani ya makala mawuwa si mwambi chabe.

Tikachenjeza anthu za mbaula, yankho limene limabwera msanga ndi lakuti makolo athu ankagona ndi moto m'nyumba koma anakalamba bwinobwino. Zoona, koma taganizani nyumba imene ankagonamo. Inali yofolera ndi udzu, pakati pa khoma ndi denga panali mpata, chitseko chinali cha bango kapena cha matabwa osagwirana, ndipo mphepo inkalowa ndi kutuluka usiku wonse. Moto wake unali wa nkhuni, umene utsi wake umaliza munthu misozi mpaka atsegule yekha chitseko. Lero tamanga nyumba za njerwa zowotcha, zopaka simenti, zamalata, zamagalasi, zina mpaka siling'i. Tatseka mipata yonse imene inkapulumutsa agogo athu, koma chizolowezi chawo tachisunga, n'kuchiwonjezera makala. Nyumba yabwino ndi imene ili yoopsa kwambiri pa nkhaniyi, ndipo nyumba zoterozo ndi zomwenso zili ndi magetsi othimathimawo.

Ena amati mbaula amailowetsa utsi ukatha, makala atafiira bwino, ndiye palibe choopsa. Apa ndi pamene tatopa napo kufotokoza. Utsi umene mumauona si umene umapha. Makala ofiira, okutidwa ndi phulusa, onyeka pang'onopang'ono, amapitirizabe kutulutsa poizoni mpaka khala lomaliza litazima, ndipo kukwirira moto ndi phulusa kuti ufike m'mawa sikuuzimitsa. Makalawo akhale a mtengo wa tsanya, akhale ochokera ku Dzalanyama kapena kwina, zotsatira zake n'zimodzi. Enanso amati kutsegula windo usiku n'kuitana akuba. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo sitikukuuzani kuti mugone windo lili pululu. Tikuti tsekani nyumba yanu mmene mukufunira, koma moto utsale kunja. Kampata ka pa windo sikokwanira kuti mugonere mbaula.

Nanga mwana wakhanda ndi agogo, poti kuno usiku wa Julaye umazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10? Wotherani pakhonde kapena kukhitchini ya panja, kenako zimitsani makala ndi madzi musanalowe. Mukawayanika mawa adzayakanso, simunataye kanthu. Khanda livale chipewa ndi sokosi, ligone pafupi ndi mayi wake. Pansi yalani mphasa ziwiri kapena makatoni, chifukwa simenti imayamwa kutentha kwa thupi. Thumba limodzi la makala owothera mtengo wake ungathandize kugula bulangete la pa kaunjika pa msika wa Mitundu, ndipo bulangetelo lidzakhalapo chaka chamawa. Kandulo ndi koloboyi zisayandikire neti ya udzudzu. A magolosale ndi ometa tsitsi, jenereta yanu imatulutsa poizoni yemweyu, ndiye ikhale panja, kutali ndi windo, osati kuseri kwa kauntala.

Zizindikiro zake zimanamiza. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru, kusanza ndi kufooka, zonsezi anthu amathamangira kunena kuti ndi malungo, ena n'kuyamba kuloza zala anzawo za ufiti. Koma malungo sagwira nyumba yonse usiku umodzi, ndipo sapepuka munthu akatuluka panja. Mukapeza anthu angapo akudandaula mofanana m'nyumba momwe munali mbaula, tsegulani zitseko ndi mawindo, atulutseni onse, ndipo wokomoka mumugoneke chammbali. Musamumwetse mkaka kapena thobwa, angatsamwe. Pezani galimoto kapena njinga yamoto mupite naye ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, ndipo mukanene poyera kuti m'nyumba munali makala, ngakhale wodwalayo akuoneka kuti watsitsimuka. Mayi woyembekezera apite ndithu, chifukwa mwana wam'mimba amavulala msanga kuposa mayi wake.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a makomiti a zaumoyo, nenani zimenezi pa misonkhano mwezi wa Meyi usanathe. Inu amayi ndi abambo, musanakhome chitseko usiku uno, onetsetsani kuti mbaula yazima ndipo ili panja.