Nyumba ya Mizukwa ya ku Amityville

Bambo athu a ku Mtengowanthenga, kalata yanu tailandira ndi manja awiri. Mwatiuza kuti muli mnyamata mudalowa m'chisakasa cha vidiyo m'mphepete mwa msewu wa M1, jenereta ikuguguda kuseri, ndipo mudaona kanema wa nyumba ya mazenera awiri onga maso, imene makoma ake ankachucha magazi; ndipo pobwerera kumudzi, mdima utagwira mapiri a Dowa, simudathe ngakhale kupita kukataya madzi kufikira tambala atalira. Akulu adanenetsa, walira mvula walira matope.

Kanemayo, monga mwamufotokozera, ndi The Amityville Horror wa mu 1979, ndipo nyumbayo ilikodi m'dera la New York, momwe anthu asanu ndi mmodzi a banja limodzi adaphedwa mu 1974. Koma za mizukwa, zimene banja la a Lutz, lomwe lidadzakhalamo pambuyo pake, lidasimba litathawamo patapita masiku 28, ambiri amazitsutsa kufikira lero lino.

Musachite manyazi ndi mantha aubwanawo, bambo, pakuti ngakhale mu 2005 mbiri idamveka dziko lonse yakuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika adasamuka m'nyumba ya boma ku Lilongwe chifukwa cha mizukwa, nkhani imene iwo adaikana kwamtuwagalu, atolankhani ena mpaka kumangidwa. Chokhacho tikupemphani, popeza tsopano akanema otere ali m'mafoni, adzukulu anu asaonere okha usiku. Khalani nawo pamkeka, muwafotokozere kuti magaziwo ndi utoto.